Mutu 9: Chilinde m'zithunzi zakuda ndi zoyera

Chithunzi chakale kwambiri choonetsa munthu ali mumsewu chinajambulidwa ku Paris mu 1838. Anajambula ndi Louis Daguerre, atakhazika kamera pawindo n'kuilozetsa mumsewu wa Boulevard du Temple. Msewuwo unali wa piringupiringu, anthu ndi ngolo za akavalo zikudutsana, koma pachithunzipo pali zii. Kamera za nthawi imeneyo zinkafuna mphindi zingapo kuti kuwala kugwire, ndiye chilichonse choyenda chinafufutika. Anatsala ndi bambo wina yemwe anaima nthawi yaitali pakona, mwendo umodzi uli m'mwamba, akupolishitsa nsapato. Palibe anamupempha, ndipo ngakhale kolala sanakonze.

Ife tinazolowera chithunzi cha mtundu wina. Amene anakulira ku Chilinde, ku Kawale kapena ku Biwi mafoni asanabwere akukumbukira wojambula wa panjinga, kamera ili lende m'khosi, akuzungulira m'makwalala tsiku la Khirisimasi. Munthu ankayamba wasamba, kudzola, kubwereka jekete kwa mnzake, kenako n'kukaima pafupi ndi maluwa atanyamula wailesi. Ankalipira theka n'kumadikira kuti filimu ya zithunzi 36 idzaze, ikatsukidwe m'tauni. Tsiku lina wojambulayo ankangobwera ndi uthenga woti chithunzi chinapsa. Kumeneko kunali kujambulitsa, ndipo mwini nkhope ndiye ankalamula mmene aonekere. Mumsewu zimatembenuka. Palibe wakonzeka, palibe walipira, ndipo mlandu wonse wa mmene anthu aonekere umagwera wojambula.

Kamera si yachilendo m'dziko muno. John Kirk, dokotala yemwe anayenda ndi David Livingstone m'mitsinje ya Zambezi ndi Shire kuyambira 1858, anali nayo. Mmalawi woyamba kutchuka pa lusoli ndi Mungo Murray Chisuse, wosindikiza mabuku wa ku Blantyre Mission yemwe anakafikako ku Scotland. Zina mwa zithunzi zomwe timadziwira John Chilembwe ndi banja lake anajambula ndi iyeyo. Komatu zimenezo zinali za anthu okhala pampando atatchena. Zamumsewu zinakulira kwa anansi athu. Ku Mozambique, Ricardo Rangel ankajambula usiku mumsewu wa mabala wa Rua Araújo ku Lourenço Marques, komwe lero ndi Maputo. Ku South Africa, Peter Magubane wa magazini ya Drum anabisapo kamera m'kati mwa buledi kuti apolisi asaione, ndipo Ernest Cole ankailowetsa m'makomponi a kumigodi ili m'pepala la kamba, migodi yomweyo ankapita agogo athu pa Wenela. Buku la Cole, House of Bondage, linatuluka ku New York mu 1967, kwawo n'kuliletsa.

Kuno kwathu nthawi imeneyo, munthu woyendayenda ndi kamera pamsika pomwe a Youth League aima pachipata kufunsa makhadi a chipani ankadziputira mafunso. Zithunzi za misonkhano, za mbumba ikuvina ndi za nduna zikutsegula milatho zilipo zambiri. Koma likulu litasamukira ku Lilongwe mu 1975, anthu akulandira mapuloti mu Area 21, yomwe ndi Chilinde, n'kumaumba okha njerwa, ndi angati anaima pamenepo kuti ajambule mayi akuponda dothi kapena ana akuthamangitsa gudumu? Chimene chikusowa m'maalubamu athu ndi tsiku wamba, Lachiwiri lopanda ukwati kapena maliro. Mnyamata kapena mtsikana wa lero wojambula ndi foni pongosangalala nazo ndiye akutseka dzenje limeneli, kaya akudziwa kaya sakudziwa.

Kala ikachoka, chimatsala n'chiyani?

Akale sankachita kusankha. Filimu yakuda ndi yoyera inali yotsika mtengo, munthu ankatha kuitsuka yekha m'kachipinda ka mdima, ndipo nyuzipepala zinkasindikiza zomwezo. Filimu ya kala ya Kodachrome inatuluka mu 1935, koma akatswiri ankainyoza kuti ndi ya otsatsa malonda, mpaka cha m'ma 1976 pamene nyumba ya zaluso ya Museum of Modern Art ku New York inaonetsa zithunzi za kala za William Eggleston. Lero foni iliyonse imajambula za kala. Wochotsa kala amachita dala, ndiye ayenera kukhala ndi chifukwa.

Ku Chilinde chifukwacho sichisowa. Taimani pamsika muone: tizikumbi totumizira ndalama, tina tofiira tina tobiriwira, mabeseni apulasitiki, kaunjika, majezi a Bullets ndi a Wanderers, magolosale opakidwa utoto wa makampani. Diso limathamangira chofiira, nkhani ili pena. Mukachotsa mitundu yonseyo, dzanja la mayi wowerenga chenji limaonekera, mitsempha yake ndi makwinya a K500 yopindidwa kanayi. Mayi wovala chitenje cha chipani, pachithunzi cha kala anthu amayamba aona chipani chake, koma pa chakuda ndi choyera amayamba aona mayiyo. Kungoti nkhope ya mtsogoleri yosindikizidwa pansaluyo siichoka, ndipo ikakhala pamalo olakwika imalanda chithunzi chonse.

Pali msampha womwe umagwira aliyense woyamba. Chofiira ndi chobiriwira zimasiyana kwambiri m'maso, koma zikasanduka zotuwa zimatha kufanana. Mulu wa tomato woyalidwa pambali pa mpiru, womwe unakukopani pamsika, umangokhala phulusa limodzi. Akale ankaika galasi la mtundu kutsogolo kwa kamera: lofiira linkadetsa thambo mitambo n'kuwala, linkayeretsa tomato n'kudetsa masamba. Lero zomwezo zimachitika ndi chala m'mapulogalamu a pafoni monga Snapseed ndi Lightroom. Choncho ndi bwino kujambula ndi kala n'kudzaichotsa pambuyo pake modekha, kusiyana n'kungodina fyuluta yobwera ndi foni. Ndipo pena kala ndiyo nkhani yeniyeniyo. Fumbi lofiira la Okutobala dzuwa likulowa silifuna kuyeretsedwa. Chithunzi chofooka mukachichotsa kala chimangokhala chofooka chopanda kala.

Dzuwa la Lilongwe

Pachithunzi chakuda ndi choyera zida ndi ziwiri basi, kuwala ndi mthunzi. Lilongwe ali pafupifupi madigiri 14 kummwera kwa equator, moti kumapeto kwa Okutobala ndi chapakati pa Febuluwale dzuwa lamasana limakhala paliwombo penipeni. Nthawi imeneyo maso a munthu amamira mumthunzi, chipumi n'kumanyezimira. Kamera nayo ili ndi khalidwe lake. Imayesa kuwala konse komwe ikuona n'kufuna kuti kukhale kwapakatikati, ndiye ikaona malata owala, thambo loyera ndi shati ya sukulu, imadzichepetsera kuwala. Amalangidwa ndi nkhope yakuda, yomwe imasanduka chibuluma chopanda maso. Mankhwala ake n'kugunda pankhope paja ndi chala kuti foni iyesere pamenepo, kapena kudikira munthuyo alowe pakhonde la golosale pomwe kuwala kumabwera cham'mbali.

Nthawi yabwino ndi mmamawa wa Juni ndi Julaye, isanakwane 7 koloko. Amayi akusesa pabwalo, mbaula zikufuka, anyamata a chiwaya akusonkha moto, ndipo dzuwa likadali pansi limadutsa m'fumbi ndi mu utsi n'kupanga mizere. Mukaima moyang'anizana nalo, mzere wa zidebe pakiyosiki ya madzi ndi anthu ake umatuluka ngati wodulidwa ndi lumo. Madzulo nako kuli zake: nthethe za moto kwa owotcherera mageti, ndiponso magetsi akazima, makandulo ndi matochi a pamabenchi ogulitsira usipa.

Wa kabaza sadikira munthu. Kuti aoneke bwinobwino, kamera iyenera kutsegula ndi kutseka pa 1/500 ya sekondi. Mukaitsitsa kufika pa 1/30, iye amasanduka mphepo, koma agogo okhala pansi akugulitsa mtedza amaoneka bwino, ndipo pena chimenecho ndicho chithunzi chokoma. Kamera yaikulu ya foni imaona motambalala, choncho zinthu zimaoneka zazing'ono ndi zakutali. Kukoka ndi zala kumangoononga. Njira ndi imodzi, kusendera ndi miyendo.

Henri Cartier-Bresson, Mfalansa yemwe ambiri amamutenga ngati kholo la lusoli, anajambula mu 1932 munthu akudumpha chithaphwi kuseri kwa siteshoni ya sitima ya Saint-Lazare ku Paris, chidendene chitatsala pang'ono kukhudza madzi. Anajambulira pampata wa mpanda. Phunziro lake si kufulumira kwa chala ayi. Munthu umayamba wapeza malo, khoma labwino ndi kuwala kwabwino, kenako umadikira woyenera alowemo. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Mu Januwale zithaphwi zotere zili ponseponse ku Chilinde, njerwa zitandandalikidwa pakati kuti opita kuntchito asadetse nsapato.

"Mukundijambuliranji?"

Funso limeneli lidzabwera ndithu, ndipo lili ndi abale ake. "Achimwene, mukufuna mukatigulitse kwa azungu?" "Mundipatsa zingati?" Anthu sakulakwa kufunsa. Aona alendo ambiri akutsika m'galimoto, kujambula ana, n'kupita osabweranso. Gawo 21 la malamulo aakulu a dziko lino limateteza ufulu wa munthu pa zinsinsi zake, ndipo ulemu wa m'mudzi umapitirira pomwe lamulo lalekezera. Pamaliro sitijambula popanda chilolezo cha eni mbumba. Mwana sitimujambula kholo lake lisakudziwa. Kumalo a asilikali kamera imakhala m'thumba, ndipo a ku Chilinde ndi ku Area 23 akudziwa kuti Kamuzu Barracks sili patali. Mphekesera nazo zikabuka, mlendo wonyamula chida chachilendo amakhala pangozi. Mu 2017 nkhani ya anamapopa ku Mulanje, Phalombe ndi Thyolo inaphetsa anthu osalakwa.

Wojambula wokhala komweko ali ndi mwayi womwe katswiri wochokera kunja sangaugule. Amadziwika kuti ndi mwana wa a uje, amagula makala pamalo omwewo, amatha kukhala pabawo ola lathunthu mpaka madala ataiwala kuti pali foni. Moni, kucheza pang'ono, kuonetsa chomwe wajambula, ndipo wokana n'kumufufutira pomwepo iye akuona. Ana okha ndiye vuto lina. Akangoona kamera amadzaza kutsogolo, zala ziwiri m'mwamba, "Ndijambuleni! Ndijambuleni!" Makolo awo akalola, ajambuleni, aonetseni, atope apite, chithunzi chenicheni chimabwera pambuyo pake.

"Zili bho" sizithandiza

Tsopano chithunzi chajambulidwa. Ndani akuuzeni ngati chili chabwino? Inuyo simungathe, chifukwa mukachiyang'ana mumamvanso fungo la chipisi, phokoso la oitanira minibasi ndi mantha omwe munali nawo posendera. Woonerera alibe zonsezo, ali ndi chomwe chili papepala chokha. N'chifukwa chake wojambula amafunika diso la mnzake.

Apa ndiye pamatipeza. Tinaleredwa kuti chinthu cha mnzako suchinyoza pamaso pake. Munthu akaponya chithunzi pagulu la WhatsApp, mayankho amakhala omwewo: "Zili bho man." "Mwaitha." "Moto!" Mwini wake amagona mokondwa, mawa n'kukalakwitsanso chimodzimodzi. Ulemu woterewu uli ndi malo ake, koma pa luso umalemaza. Ndipo pafoni chithunzi chimaonedwa kwa sekondi ziwiri, chitaphwanyidwa kale kuti chisadye bandulo, mdima wake wonse utagwirana.

Ojambula omwe anapita patali ambiri anali ndi bwalo loweruzirana. Mu 1963 ojambula achikuda a ku New York, poona kuti magazini akuluakulu sakuwalabadira ndipo akuonetsa dera la Harlem ngati la umbanda ndi umphawi wokhawokha, anayambitsa gulu la Kamoinge, Roy DeCarava n'kukhala mtsogoleri wake woyamba. Ankakumana m'nyumba za mamembala, kudya limodzi, kumvera nyimbo, kenako n'kuyala zithunzi n'kumazisenda popanda kunyengererana. Rangel anatsogolera sukulu ya ojambula yomwe inatsegulidwa ku Maputo mu 1983, ndipo David Goldblatt anayambitsa Market Photo Workshop ku Johannesburg mu 1989. Kuno kuli bungwe la ojambula la PHOTAMA, koma anthu atatu kapena anayi a ku Chilinde safunika kudikira bungwe. Mkeka, mthunzi wa mango ndi Loweruka masana n'zokwanira.

Choyamba n'kusankha. Robert Frank anazungulira America mu 1955 ndi 1956 n'kujambula zithunzi pafupifupi 27,000. M'buku lake la The Americans munalowa 83 zokha. Wobwera pabwalo ndi zithunzi 200 za m'foni sanabwere kudzamva maganizo, wabwera kudzatopetsa anzake. Abweretse zisanu, zotsukitsa papepala ngakhale zing'onozing'ono, zoti anthu n'kuzigwira, kuzisuntha ndi kuziika pambali pa zinzake. Akale ankachita zoposa apa. Ankasindikiza filimu yonse papepala limodzi, tizithunzi tonse 36, ndipo mnzawo ankaona zomwe zinajambulidwa chisanafike chabwinocho ndi pambuyo pake. Pamenepo zimadziwika ngati munthu anadikira, anasendera, kapena anangodina kamodzi n'kuthawa.

Tiyerekeze kuti payalidwa chithunzi cha bambo wokhoma zidebe. Wakhala pansi, nyundo ili m'mwamba, kumbuyo kwake kwapachikidwa mbaula ndi makheni othirira. Mwini chithunzi ayambe wakhala chete, asafotokoze kanthu. Woyamba anene pomwe diso lake lagwera. "Ine likundithawira pa jumbo yoyerayi pakonapa." Papepala lakuda ndi loyera diso limapita pomwe pawala kwambiri, ndiye jumbo yaba chithunzi. Wachiwiri achitembenuze chadodolido, nkhope isiye kukopa, patsale mizere ndi mabanga okha. "Aise, taona, mbali iyi yalemera, uku kulibe kanthu. Komanso pholo ya magetsiyi ikutuluka pamutu pa madalawa." Wachitatu, mwina mtsikana yemwe samalankhula kawirikawiri, anene chomwe enawo akuzungulira: "Achimwene, munaima patali. Munkaopa. Nkhani ili m'manjamu, koma manjawo ndi aang'ono ngati nyemba." Kenako wina anenenso chomwe chagwira, chifukwa nachonso mwini wake ayenera kuchidziwa kuti adzachibwereze: kuwala komwe kwagunda m'mphepete mwa chidebe, ndi kuti nyundo inagwidwa isanatsike.

Mawu onsewa ali ndi kopita. Mwini chithunzi angathe kubwerera mawa mmawa, kusendera masitepe awiri, kunjuta pang'ono kuti pholo ichoke, kudikira jumbo iuluke. "Sichikundisangalatsa" n'chimodzimodzi ndi "zili bho", onse ndi mawu opanda kopita. Palinso odzudzula ena ofunika kuwachenjerera. Wina amayamba ndi kufunsa kuti mwajambulira chiyani, akamva kuti ndi foni ya mtengo wotsika maganizo ake athera pomwepo. Wina analoweza lamulo logawa chithunzi patatu ndipo amalondera nalo zithunzi za anzake ngati wapolisi wa pamsewu. Wina amafuna aliyense azijambula mmene amajambulira iye. Wolandira naye ali ndi matenda ake. Akangoyamba kuti "ukanakhalapo ukanaona," ndiye kuti wavomera yekha kuti chithunzicho sichinanyamule zomwe anaona. Si mawu onse oyenera kuwatsata, koma anthu atatu akaloza malo amodzi, pamenepo pali kanthu.

Bodza lomwe kamera imanama mosavuta

Pali cholakwa china chomwe katswiri wakutali sangachione, ndipo mwina angachiyamikire kumene. Zakuda ndi zoyera zimalemeretsa nkhope. Mukawonjezera mdima, khoma losapaka pulasitala limaoneka ngati bwinja, fumbi la kumapazi limasanduka usiwa, mwana yemwe wangotopa ndi mpira amaoneka wamasiye. Zithunzi zotere zimayamikiridwa msanga, makamaka ndi anthu omwe anazolowera kuona Africa wa pamapositala opempha thandizo. Wojambula wachinyamata akalawa kuyamikiridwa kumeneko amayamba kusaka zigamba ndi ngalande zokhazokha, osaonanso telala wonyadira suti yomwe wasoka, kwaya ikuchokera kopulakatisa, kapena atsikana akuseka ku saluni.

Apa mnzanu wa m'dera lomwelo ndiye amakuwongolani. Iye angakuuzeni kuti, "Mwana ameneyu ndi wa alandilodi athu, nsapato anavula kuti zigwire ntchito ya golo. Iwe wamusandutsa wovutika." Umphawi ulipo ku Chilinde, ndipo palibe akunena kuti ubisidwe. Cole sanabise kanthu. Koma iye ankaonetsa chomwe chinalipo, sankachita kuthira mdima kuti anthu amve chisoni. Funso loyenera kufunsidwa pa chithunzi chilichonse, kuwala ndi mizere zitakambidwa, ndi lakuti: mwini nkhopeyi atachiona, angadzizindikire?

Njira yodziwira n'kumupititsira. Mayi wa tomato mukamupatsa pepala m'manja sadzakamba za mizere. Mwina adzaseka n'kuitana anzake a mabenchi oyandikana, mwina adzafunsa kuti bwanji mwamudetsa chonchi, mwinanso adzadandaula kuti kala yapita kuti poti chitenje chinali chatsopano. Yankho lililonse mwa amenewa ndi lolemera kuposa mitima 100 ya pa Facebook, ndipo ulendo wina mukadzafika pamsikapo simudzafunsidwanso kuti mukujambuliranji.

Chotsala n'kusunga. Manegativu a Ernest Cole okwana pafupifupi 60,000 anapezeka mu 2017 m'chipinda chosungira chuma cha banki ina ku Sweden, patapita zaka 27 mwini wake atamwalira. Anapezeka chifukwa anali chinthu chogwirika. Foni imabedwa m'minibasi, imagwera m'madzi, memori khadi imafa osatsanzika. Zithunzi zomwe zapambana pabwalo la anzanu katsukitseni ziwiriziwiri, china cha mwini nkhope, china chanu. Kuseri kwa chanucho lembani ndi pensulo malo, tsiku ndi chaka, chifukwa bolopeni imadutsa pepala.